Chiboda cha Tilipo

Bambo ena osema mipini a ku Nsaru ali ndi mbuzi imodzi yokha, dzina lake Tilipo, ndipo amacheza nayo ngati munthu mnzawo. Mvula ikangoyamba, chiboda chake chakumbuyo chimawola. M'mawa uliwonse bambowa amachitsuka ndi madzi ofunda amchere, amapala powolapo ndi kampeni, n'kuthira phulusa, kenako n'kumanga ndi kansalu. "Chilonda sachikalipira," amatero.

Chaka chathachi, pomwe anthu anayamba kukamba za Chitaganya cha maiko atatu, alamu awo anabwera ndi chingwe m'manja.

"Alamu, mbuzi yotsimphina ndi ndiwo basi. Tiiphe isanaonde."

Bambowo anavula jombo yakumanzere n'kuonetsa phazi lopanda zala zitatu.

"Mwala utandiphwanya kumgodi ku Joni, kapitawo anangondiyang'ana kamodzi n'kundikweza sitima yobwerera kwathu. Palibe amene anadikira kuti aone ngati ndingachire."

Alamuwo anayang'ana phazilo, anayang'ananso mbuziyo. Kenako anagwada pambali pake.

"Ndigwire mwendo uti?"

Chibodacho sichinapoleretu mpaka lero, koma masiku ano amachitsuka anthu awiri.