Kambalame ka Adada

Foni ya mdzukulu wanga ikalira ngati mbalame, ndimakumbukira kakhola ka bango kamene Adada ankapachika mumtengo kwathu ku Mwase. Munali kambalame kachikasu, ndipo ine ndinkakapatsa mawere. Kakayamba kuimba, anzake ankabwera n'kumatirira pa ulimbo umene Adada ankapaka panthambi, kenako bambo wina wa njinga ankawatenga m'makatoni oboola.

"Adada, anzake aja akupita kuti?"

"Ku Chipata, mwana wanga, kukaimba."

Ndinkakamvera chisoni kuti iko kokha akukasiya. Chaka china kanaimba mpaka mvula inatha, koma sipanabwere mnzake ndi mmodzi yemwe. Adada anakaika m'katoni nakonso, ine n'kuwomba m'manja kuti mwayi wake wafika.

Ndinadzamva nditakula kuti mbalame zambiri zinkafera m'njira, ndipo thengo la kwathu lidakali zii mpaka lero.