Ulendo Wokaphwanya Hadi Disiki ku Lifuwu

Ndinanyamuka pa Salima boma Lachisanu m'mawa, mvula itangokata kumene. M'chikwama munali sikuludiraiva yobwereka ndi chitenje chapadera. Ndisanakwere n'komwe galimoto, mtima unali utawawa kale.

Nthawi imeneyo matipate anali atangoyamba, ndipo ine ndinkatayipa pa kabungwe kena kolangiza anthu za Edzi ndi kuwathandiza kukayezetsa magazi. Masiku amenewo munthu akamveka kuti ali ndi kachilombo, banja linkatha, ngakhale nsomba zake pamsika anthu ankazilambalala. Choncho kwathu anthu ankabwera mozemba, ena atadzifunditsa chitenje kumutu. Mayina awo, midzi yawo ndi zotsatira za magazi awo, zonse ndinkazilowetsa ine mu kompyuta imodzi yomwe tinali nayo.

Thandizo la azungu litatha, bwana wathu a Mwale anagulitsa katundu wa mu ofesi ine ndili kumaliro kwathu ku Dedza. Mipando inapita, makabati anapita, kompyuta nayo inapita pamodzi ndi katoni ya madisiketi, timapulasitiki timene tinkasungiramo makope a zolemba zonsezo.

"Musadandaule, mayi Chisale," anatero nditawafunsa. "Ndinadina batani lofufutira lija. Mulibe chilichonse."

Koma katswiri wa ku Lilongwe amene ankatikonzera makina atamva zimenezi pa lamya, anafuula moti ndinachotsa foni kukhutu. Anati kufufuta kotero n'kungochotsa chikwangwani pakhomo, nyumba ili pomwepo ndi katundu wake yense. Munthu wodziwa akhoza kubweza zonse. Anati titsegule kompyutayo, tichotsemo hadi disiki, kabokosi kachitsulo kokula ngati chikhatho, tikaphwanye, ndipo madisiketi titenthe.

Wogula kompyutayo anali mwini chigayo cha mpunga ku Lifuwu, ndipo tinamva kuti mkamwini wake wodziwa makompyuta abwera Loweruka kudzayatsa. Atangomva zimenezi, a Mwale anadwala msana mwadzidzidzi. Wopita ndinali ine.

Pa siteji ya matola kondakitala ankakuwa kuti, "Lifuwu! Tikunyamuka pompano!" Pompano wakeyo anatha dzuwa litakwera ndithu. Pikapu ija inameza mabelo a shuga, makreti a zakumwa, ukonde watsopano, chitseko chathunthu ndi mwini wake, kenako ife anthu pamwamba. Phazi langa lina linali pansi pa thumba la mchere. Mtengo unakwera kuchoka pa makwacha khumi kufika khumi ndi asanu, ati chifukwa cha matope. Nditadandaula kuti tadzaza kale, kondakitala anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mayi, masiku ano ndi demokalase. Aliyense ali ndi ufulu wokwera."

Pa tala wa ku Senga Bay tinayenda bwino. Titakhota kulowa msewu wafumbi, fumbi lake kunalibe, kunali phala lokhalokha. Galimoto inkavina uku ndi uku, chitseko chija chikundigunda pa phewa. Tili pakati pa dambo, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala anatsegula boneti, nasuzumira kwa nthawi, kenako anafunsa ngati pali wina ali ndi sikuludiraiva. Bambo wachitseko, amene anali ataiona m'chikwama mwanga pamene ndinkalipira, anandiloza.

"Amayiwa ali nayo. Kaya ndi amakaniko."

Ndinaipereka monyinyirika. Dalaivala anagogoda nayo apa ndi apo, kenako ndinangomva kuti phava! Yagwera m'thope pansi pa galimoto. Amuna atatu anafufuza ndi manja mpaka m'zigongono, koma inakana kuoneka.

"Pepani mayi, zinthu zimasowa," anatero dalaivala, napukuta manja pa buluku.

Sindinadikire kuti injini iganize zodzuka. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, n'kuyamba wapansi. Mbali zonse kunali mpunga wobiriwira uli m'madzi, akakowa akuyenda m'menemo mosatekeseka ngati eni munda. Pansi pa mtengo wa mango ndinagula chimanga chootcha kwa mayi wina. Atamva komwe ndikupita anaseka.

"Kwa aja agula wailesi yakanema yosaonetsa kanema? Mudzi wonse wakaiona kale."

Ndinanyamuka mwachangu. Ndinakwera njinga yahayala yomwe inatulukira, ndipo mwini wake anandipalasa mpaka pachigayo, akundiuza njira yonse munthu amene anamuvotera ndi mmene wamukhumudwitsira.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Mwini chigayo ndimutchula kuti a Mbewe, ngakhale si dzina lake, ndipo zina za pakhomopo ndazisintha dala. Anali munthu wamkulu thupi, gaga wa mpunga ali mbuu m'tsitsi. Ananditengera kunyumba monyadira. Kompyuta ija inali pabalaza, itafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Katoni ya madisiketi inali pansi pa tebulo.

Ndinafotokoza mwaulemu kuti ndabwera kudzachotsamo kachitsulo kamodzi kokha ndi kutenga katoniyo.

"Katundu wogula sabwerera, mayi."

"Muli zinsinsi za ofesi, bambo."

"Zinsinsi?" Anaseka mpaka mimba kugwedera. "Nthawi ya zinsinsi inatha. Tinavota ife. Mawa mkamwini akabwera, tizione zinsinsizo."

Apa ndiye ndinasowa pogwira. Kunena zoona kuti muli mayina a anthu oyezetsa, kukanakhala kumuthirira mchere. Ena mwa anthuwo anali a m'midzi yomweyo, ogayitsa pa chigayo chake chomwecho. Ndinayesa kuopseza kuti makinawo ali ndi kachilombo ka makompyuta.

"Kachilombo? Makina nawonso ayamba kuyendayenda?" Anasekanso, ine thukuta likutsika.

Nthawi yomweyo mkazi wake analowa ndi tiyi pa thireyi, nagwada. Atadzutsa nkhope, makapu anagundana. Ndinawazindikira. Anali atabwerapo ku ofesi kwathu okha, tsiku lina la msika, atafunda chitenje mpaka m'maso. Iwonso anandizindikira. Tinapatsana moni ngati anthu osadziwana.

Tiyi asanazizire, wantchito wa kuchigayo anaitana panja kuti lamba waduka. A Mbewe anadzuka akung'ung'udza.

"Imwani tiyi muzipita, mayi. Matola amavuta madzulo."

Mapazi awo atazilala, mayi aja anasendera pafupi, akulankhula chapansipansi.

"Achemwali, m'menemo muli mayina?"

"Eee."

"Onse?"

"Onse."

"Ndi zimene magazi ananena?"

Ndinavomera ndi mutu. Anayang'ana maluwa apulasitiki aja. Kenako anadzuka, anatseka chitseko, nabwera ndi mpeni wosendera mbatata.

"Tsegulani."

Kutsegula kompyuta ndi mpeni si ntchito yoti munthu n'kuifunira mnzake. Nsonga inkaterereka, kenako inathyoka, ine ndinadzicheka chala. M'kati munali fumbi ndi mphemvu yakufa. Kabokosi kaja ndinakapeza, ndinazula mawaya ake, ndipo tinakanyamula ndi katoni ija kupita kuseri kwa khitchini.

Kabokosi kaja ndinakaika pa mwala wochapira, n'kukamenya ndi msana wa nkhwangwa. Kanangodumpha, nkhuku n'kubalalika, iko kali bwinobwino. Ndinamenyanso, kanadumphanso. Chinthu chimene ku ofesi tinkauzidwa kuti tisachigwedeze n'komwe, lero chinkakana kufa! Mayi aja anandilanda nkhwangwa. Anamenya ngati akuwaza chikuni chouma, milomo ataluma, mpaka chivundikiro chinang'ambika. M'kati munatuluka timbale tonyezimira ngati galasi. Anatidula ndi kukamwa kwa nkhwangwa, natipinda, natikanda pa mwala mpaka kunyezimira konse kunatha.

Madisiketi tinawang'amba limodzilimodzi n'kuponya pa mbaula. Utsi wake unali wakuda, wonunkha, woluma m'maso. Mayi woyandikana nawo anaitana kuseri kwa mpanda.

"Anzanga, mwapsereza chiyani kumeneko?"

"Masilipasi akale!" anayankha, osatembenuka.

Zotsala zonse tinakataya m'chimbudzi.

A Mbewe anabwera akutsatira fungo. Ataona kompyuta ili yasa pabalaza, anakuwa moti agalu anayamba kuuwa. Ananditchula wakuba, ananditchula kazitape, nati anditengera kupolisi. Ine ndinaganiza za ana anga ku boma. Mkazi wawo anaima pakhomo, nkhwangwa ikadali m'manja.

"Ndaphwanya ndine, bambo. Ngati n'kupolisi, tiyeni mukandisiye ineyo."

"Iwe? Chifukwa chiyani?"

"Munali za eni ake. Sindifuna za eni m'nyumba mwanga."

Bambo aja anayang'ana mkazi wawo, kenako anayang'ana nkhwangwa. Ine ndinapezerapo mpata wolonjeza kuti a Mwale awagulira hadi disiki yatsopano. Sindinali nditawafunsa a Mwalewo, koma ndinaona kuti msana wawo ukhoza kusenza kameneko.

Pobwerera ndinakwera lole ya mpunga, nditakhala pamwamba pa matumba, mvula yowaza ikundimenya kumaso. Ndisanakwere, mayi aja anandiperekeza mpaka pamsewu. Anangondimangirira kansanza pa chala chija, nati, "Muyende bwino, achemwali." Pikapu ya m'mawa ija tinaipeza pomwe paja, dalaivala akudya nzimbe pa boneti.

Ndinafika pa boma kukuyamba kuda, matope mpaka m'maondo, zovala zikununkha pulasitiki. A Mwale, msana utachira, anamva nkhani yonse n'kungofunsa kuti, "Ndiye munalonjezeranji osandifunsa?" Ndinangotembenuka n'kupita kwathu, poopa kuti ndinganene mawu osabwezeka.

Kuyambira tsiku limenelo, kulikonse komwe ndagwirako ntchito, kompyuta yakale situluka pakhomo ndisanaone ndi maso anga hadi disiki yake ili zidutswa. Anzanga amati ndine wovuta, ndipo sindikana.

Mwina mukufuna kudziwa zimene magazi a mayi aja ananena. Ine ndikudziwa, poti ndinazitayipa ndi zala zangazi. Zimenezo nkhwangwa singazifikire. Ndingofa nazo.