Zenera la Kumpoto la a Felisberto

Ku Ntengo-Wambalame nyumba imayang'ana kumsewu, ndipo zenera limangokhala kabowo kolowera mphaka. A Felisberto okha ndiwo anapotoza. Umisiri womanga anauphunzira ku Malawi atathawa nkhondo, ndipo chibwerereni sankamva za munthu.

Akazi awo, a Marcelina, ankadwala nyamakazi. Chisanu cha mu Juni chikafika, mawondo ankauma gwa. Mwana wawo Cacilda, wokhala ku Tete, sankaleka kuimba foni: "Papá, atumizeni amayi kuno kotentha." Mawu amenewo bamboyo ankawaopa kuposa matendawo. Ana onse anali atapita kale. Akachokanso mayiwo, azilankhula ndi ndani?

Choncho anagulitsa mbatata ya kachewere, nagumula khoma la kumpoto, komwe dzuwa limapendekera nyengo yozizira. Anaikapo galasi lalikulu ngati chitseko. Pansi anathira simenti, naisalaza mpaka munthu kumadzionapo nkhope. Makoma anapaka laimu, mbee! Bedi analikokera pomwepo.

Kufunda kunafundadi. Koma mmisiri wathuyu anaganizira mawondo naiwala maso. A Marcelina anali atayamba ng'ala, ndipo kuwala kochokera pagalasi ndi pasimenti kunkawathobwa mpaka misozi. Anasamukira kuchipinda chamdima chosungira chimanga, kozizira koposa.

"Muzire pansipa ndi dothi lakuda, abambo," anatero mayiwo.

"Simenti yanga ndiizire matope? Ndine pedreiro ine, mmisiri womanga!"

Mu Julayi Cacilda anabwera, napeza amake akunjenjemera pakati pa matumba. Sanakambe zambiri, anangowakweza chapa, minibasi yopita ku Tete.

Bamboyo anasungulumwa chaka chathunthu, makani ali pomwepo. Chisanu chitabweranso anakakumba dothi kudambo, nagwada n'kuzira okha pansi ndi makoma omwe, ntchito ya azimayi, anthu akusuzumira pagalasi n'kumaseka. Kuthobwa kunatha, kufunda kunatsala. Anaimba foni manja ali matope.

"Uwauze amako abwere. Ndakonza, sikukuthobwanso."

Cacilda anapatsa amake foniyo.

"Mwachita bwino, abambo," anatero a Marcelina mofatsa. "Koma ine ngakhale dzuwa lenilenilo sindikuliona tsopano. Mukapita kumunda azinditsogolera ndani?"

A Felisberto anafuna kunena kuti munda ausiya. Nanga akanamadya chiyani? Anangoti, "Chabwino," nakhala pabedi okha, dzuwa likuwawomba pamsana.