Akochi, Apongozi Anga

Mwana wanga wachiwiri anakwatiwa ndi kochi wa mpira. Ndinene msanga kuti sindinamusankhire ndine. Tsiku limene ankhoswe anabwera kudzatula mawu, ndinafunsa kuti bambowo amagwira ntchito yanji. Akuti amaphunzitsa mpira. Ndinati chabwino, nanga ntchito? Anthu anaseka, koma ine ndinkafunsa zenizeni.

Timuyo inali ya kampani ina yogula thonje pa Bangula. Sinali timu ya ana a m'mudzi omenya chikulunga ayi. Osewera ankalandira pa mwezi, ankakwera basi kukasewera ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mulanje, ndipo akochi anapatsidwa nyumba ya malata, ya magetsi, mpopi uli pakhomo pomwepo. Mwana wanga, amene anakula akutunga madzi ku Shire diso lili pa ng'ona, anayamba kungopotokola kachitsulo madzi n'kutuluka. Zimenezo sindikana, zinandikomera.

Pabwalo la mpira paja ine ndinafikapo iwo asanabwere. Ndinkagulitsa thobwa ndi madzi akumwa pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa golo. Kenako akomiti anandipatsa ganyu yochapa majezi. Ndiye mpira wa timu imeneyo ndinauona ndi maso, thukuta lake ndinaligwira ndi manja.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, mmodzi amapatuka. Ngati pali mawu, amadzera kwa mkazi. Choncho zaka khumi ndi zinayi zimene bambowa anakhala pa ntchitoyo, sindinawalankhulepo za mpira ngakhale kamodzi. Ndinkangowaona kumsana, ine ndili pa nimu, iwo ali pampando wawo m'mbali mwa bwalo. Ankavala jekete yakuda, dzuwa la kuno limene limaphulitsa miyala, jekete ili pathupi, ambulera itagwiridwa ndi munthu wina. M'manja kabuku. Ine kuwerenga sindidziwa, koma ndimadziwa munthu akamalemba ndi pamene akungogwira cholembera. Mawu awo anali amodzi basi: "Kutsogolo." Tikagoletsa, kutsogolo. Akatichinya, kutsogolo. Tsiku lina goloboyi wathu anagunda mutu pamtengo wa golo n'kukomoka, iwo anaimirira, kukonza jekete, n'kunena kuti kutsogolo.

Koma pakhomo tinkawina, ndipo apa ndi pamene anthu anapusira.

Mpira wa pakhomo unkayamba dzuwa litangopendeka pang'ono. Alendo athu onse anali akumtunda, ana okulira mu nkhungu ya m'minda ya tiyi ndi mphepo ya m'tauni. Akamatsika mapiri aja ankakhala akuimba m'basi. Akafika pa Bangula nyimbo itatha. Chipinda chawo chosinthira zovala chinali cha malata pamwamba ndi m'mbali momwe, chopanda zenera, ndipo ankatulukamo atapsa kale ngati mbatata. Chigawo choyamba ankathamanga ndithu, mwina n'kutichinya chimodzi. Ikafika nthawi yopuma, onse ankagwera pa nimu panga. Madzi ena akumwa, ena akudzithira kumutu, wina akusanza, wina akundifunsa kuti agogo, kuno anthu mumakhala chifukwa cha mlandu wanji. Ine ndinkadziwiratu mathero a mpira poona ndowa zanga. Ndowa ziwiri zikatha pa nthawi yopuma, ndinkauza azimayi anzanga kuti konzani nthungululu. Chigawo chachiwiri alendo ankangoyenda, malilime ali kunja, anyamata athu obadwira m'ng'anjo momwemu akungodutsa. Zitatu, zinayi. Kenako anthu ankanyamula akochi m'mwamba, jekete ndi kabuku komwe, kuwazungulitsa msika wonse.

Koyenda ndiye kunali kwina. Majezi akabwera kuchokera ku Mulanje miyezi yozizira, sindinkavutika nawo kuchapa. Anali ouma, ena opindika bwinobwino ngati sanavalidwe. Anyamata ankandiuza okha kuti agogo, kumeneko zala zinauma, mpira ukakugunda umamva ngati mwala. Ndikawafunsa kuti nanga akochi anati chiyani, ankati anati kutsogolo. Pobwerako bambowa sankasowa chonena. Lero woimbira anadya ziphuphu, mawa basi inatitopetsa, mkuja eni bwalo anakwirira zinthu pagolo. Chaka ndi chaka timu inkathera pakati, osakwera, osatsika, ndipo akomiti ankati tili ndi munthu wodziwa.

Chikho anabweretsapo chimodzi, ndisawanamizire. Chaka chimenecho timu imene tinkayenera kukumana nayo pomaliza inakanika kuwoloka, madzi atadula msewu. Anyamata athu analowa m'bwalo okhaokha, woimbira anadikira, kenako anaimba, basi chikho chathu. Chinakhala pamwamba pa kabati kunyumba kwa mwana wanga, atachiyalira kansalu koluka. Mlendo aliyense ankayamba wachiona asanapatsidwe madzi.

Ndiye kunabwera madzi aakulu aja. Anadutsa pakati pa bwalo, kusiya mchenga ndi chigwembe chakuti mwana akhoza kubisalamo. Akuluakulu a mpira anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti pano sipaseweredwanso mpaka mutakonza. Mipira yathu ya pakhomo anaisamutsira kubwalo lina la kumtunda. Kuyambira pamenepo timu inayamba kukwapulidwa sabata ndi sabata. Osewera anali omwewo, akochi omwewo, kabuku komweko. Pofika kumapeto tinali pansi penipeni, ndipo m'misika munayamba kumveka kuti munthuyu achoke.

Akomiti anaitanitsa msonkhano wa masapota kushedi ya thonje. Kutatsala tsiku limodzi, mwana wanga anabwera kumudzi pa kabaza, atanyamula shuga ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Nditangoona shugayo ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Amayi, mawa akakufunsani. Inu ndinu wakale pabwalo paja, ndipo azimayi amamva inu."

"Akandifunsa chiyani?"

"Za abambo awo a anawa. Mukanene kuti vuto ndi bwalo."

"Vuto ndi bwalodi."

"Ndiye mukanene choncho basi, musakapitirire. Ndimakudziwani pakamwa panu."

"Iwe, pakamwa pamenepa ndi pamene panakutafunira chakudya."

Sanaseke. Anati akochi akachotsedwa ntchito, nyumba ija atuluka mwezi usanathe. Ana atatu, sukulu ili pafupi, wamkulu akulemba mayeso chaka chomwecho. Kwawo kwa bambowo ndi kutsidya, ku Mozambiki, ndipo kulibenso wawo wowalandira. "Tidzabwera kuno, amayi. Pakhomo panu pano. Muganize bwino."

Ndinaganizadi. Ndinapita kumsonkhano kuja nditatsimikiza mtima kuti ndikawaikira kumbuyo apongozi anga, chifukwa cha mwana wanga ndi zidzukulu, komanso, ndinene zoona, chifukwa sindinkafuna jekete ija pakhomo panga.

M'shedi munadzaza. Asodzi, akabaza, azimayi a mumsika, ogwira ntchito pakampani. Akochi anawakhazika kutsogolo pafupi ndi tebulo la akomiti, ndipo ine ndinakhala chammbali nditatembenukira kumabelo a thonje, kuti maso athu asakumane. Oyamba kulankhula anali akochiwo. Analankhula nthawi yaitali, Chichewa akusakaniza ndi Chizungu. Anati timuyi anaipeza ilibe kanthu. Anati zaka khumi ndi zinayi si masewera. Anatchula chikho katatu. Anatulutsa mapepala a kumaphunziro a ukochi n'kumawapereka kuti anthu aziona, ndipo anayenda m'manja mwa anthu ambiri amene ankawagwira chozondotsa ngati ine ndemwe. Anamaliza ndi kunena kuti iwo akachoka, mpira pa Bangula watha.

Apa ndi pamene mtima wanga unayamba kutentha. Akanangoti anthuni, zandikanika, ndikhululukireni, ndikanawaimbira nthungululu. Koma m'mawu onse aja sanatchulemo mnyamata ngakhale mmodzi wa amene ankathamanga padzuwa iwo ali pa ambulera.

Anthu anagawikana. Ena akuti munthu wakhalitsa, sitingamutaye ngati chikutu cha nzimbe. Ena akuti kukhalitsako ndiye vutolo. Wapampando, bambo wina woyeza thonje pasikelo, anagogoda tebulo n'kunena kuti tiyeni timve kwa agogo ochapa majezi.

Ndinaimirira, nkhope ili kumabelo. Ndinati bambowa ndi munthu wabwino. Mwana wanga sanamumenyepo. Mowa samwa wogona nawo m'ngalande. Kutchalitchi amapita, maliro sajomba. Ine nditadwala anatumiza njinga kudzanditenga.

"Agogo," anatero wapampando, "sitikumanga ukwati pano. Tikufunsa za mpira."

"Vuto ndi bwalo," ndinatero, monga anandiuzira mwana wanga. Ndinafuna kukhala pansi.

Msodzi wina wakumadambo, amene ankagula thobwa kwa ine chiyambire, anakweza mawu kumbuyo m'Chisena chake. "Nkhabe, mama. Longani pyonsene, nenani zonse. Mwasiya zambiri m'kamwamo, tikukuonani masaya."

Anthu anaseka. Wapampando anati, "Bwalo latani, agogo? Poti mpira ndi womwewo, magolo ndi awiri kulikonse."

Ndikanatha kunena kuti penu, sindidziwa, ndine wochapa chabe. Koma kumbuyo kwanga ndinamva apongozi anga akuuza mlembi, mokweza ndithu kuti anthu amve, kuti musawavutitse amayiwa, zaukadaulo sangazitsate.

Ndinati, "Chabwino. Ine ndili ndi funso limodzi, andiyankhe aliyense. Pa zaka zonsezi, ndi liti pamene tinawina kunja kukuzizira?"

Ndinaona anthu akuwerenga pa zala, kenako n'kuzibweza.

"Ndi liti pamene tinawina kuli mitambo, ngakhale pakhomo pompano? Tsiku lija kunachita kamvula, si paja anatichinya zinayi ana asukulu a ku Thyolo? Inu mumanyamula munthu wolakwika. Amene ankatiwinitsa pano ndi dzuwa ndi kachipinda ka malata kaja. Alendo ankagonjera pa ndowa zanga, ine ndikuona. Madzi atatichotsa padzuwa, mwaona nokha chimene chatsala. Ngati pali wofunika kumusunga pa ntchito, sungani dzuwalo. Silifuna nyumba, silifuna malipiro, ndipo silinajombepo."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, malata a shedi anachita kulira. Wina anagwa pa benchi. Akabaza anayamba kumenya m'manja akuimba kuti kutsogolo, kutsogolo. Ine sindinaseke. Ndinali nditaona mwana wanga ataima pakhomo la shedi, chitenje atachikokera kukamwa, akundiyang'ana. Sanadikire kuti anthu akweze manja kuvota. Anatembenuka n'kumapita.

Manja ofuna kuti akochi achoke anakwera ambiri, ngakhale a anthu amene poyamba ankati munthu wakhalitsa. Amenewonso ndinawanyoza mumtima. Zaka zonsezi anali ndi maso ngati ine, ankaona alendo akusanza pa nimu, koma anadikira nkhalamba yochapa kuti iwonongere mwana wake banja ndiye adziwe kuwerenga.

Katundu wawo anabwera pakhomo panga pa ngolo ziwiri za ng'ombe, mwezi usanathe monga ananenera mwana wanga. Mipando ya khushoni, kabati, firiji imene pakhomo panga ilibe poilumikiza. Mdzukulu wanga wamkulu anayamba kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, ndipo mayeso aja sanakhoze bwino. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinamuuzepo munthu kuti sizinandikhudze.

Ndinawapatsa malo kuseri kwa khola la mbuzi kuti amange, ndi chigawo cha dimba langa kumadambo. Mwana wanga anatha miyezi osalowa m'nyumba mwanga. Moto ankakapala kwa aneba, kudutsa wanga ukuyaka. Tsiku limene analankhula nane koyamba, ndinali ndikusankha nyemba pakhonde. Anaima patali, manja m'chiuno.

"Mwamva? Kochi wanu watsopano uja amuchinyanso dzulo. Zitatu."

"Ndamva."

"Ndiye mwapindulanji, amayi?"

"Ameneyo wangoyamba kumene kuluza. Tiyeni timupatse zaka khumi ndi zinayi, kenako tidzayerekeze."

"Mukanangotseka pakamwa tsiku limodzi lokha. Limodzi."

"Ndinatseka zaka zonse zija, iwe. Unkaona ngati ndilibe mawu?"

"Munali ndi mawu, koma ana analinso ndi nyumba."

Pamenepo ananena zoona. Komabe akomiti atandibwezera m'shedi muja lero, n'kundifunsanso ngati bambo aja ankayenera kukhalabe pa ntchito imene ija, yankho langa silingasinthe. Sankayenera. Chimene ndikanasintha n'chakuti ndikanadwala tsiku limenelo, ndikanagona m'nyumba ndi mutu, ena anene.

Sabata yotsatira mwana wanga anadula bango kumadambo n'kumanga mpanda pakati pa nyumba yanga ndi yawo, khomo lake analilozetsa kumsewu. Zidzukulu zinaboola kale pansi pake, zimadutsira pomwepo kudzadya masau kwanga. Amayi awo amazungulirabe.