Che Binali ndi Mutu wa Kampango

Fungo la kampango wowamba likandipeza, ngakhale ndili pakati pa mzinda, ndimabwerera kuseri kwa nyumba ya Che Binali ku Senga Bay, m'mawa dzuwa lisanawawe, pamene utsi wa nkhuni zaziwisi unkatuluka mu mgolo wodula pakati n'kumakwawa pansi pa mtengo wa mango, ntchentche zikuzungulira beseni, mpeni wawo ukugogoda pa thabwa lakuda ndi mafuta a nsomba. Nyumba yawo ndi yathu zinalekanitsidwa ndi mpanda wa bango basi. Iwo anali Asilamu, ife a mpingo, koma mchere ndi moto tinkapemphana pa mpanda pomwepo.

Che Binali ali mnyamata ankaphikira azungu pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Sukulu analekezera sitandade 2, ndipo Chingerezi anachitola m'khitchini, pa zitini ndi mapaketi. Atakalamba ankawamba nsomba zogulitsa pamodzi ndi akazi awo, Abiti Rajabu, mayi wamfupi amene ntchito yake inali kusonkha moto. Panali chinthu chimodzi chimene Che Binali sankaphonya. Mutu wa kampango wamkulu kuposa onse sunkapita pa mgolo. Ankauika m'mbale yachitsulo ya buluu, kuvindikira, n'kunena kuti, "Uwu ndi wa eni nyumba." Abiti ankakonda msuzi wake.

Chaka chimene ndinali sitandade 8 ndinalephera Chingerezi pa mayeso a teremu yoyamba. Bambo anga, amene anali msodzi, sanakalipe. Anangoti, "Zobwereza kalasi ine ndilibe nazo mphamvu. Ukalephera mayeso a boma, ukukwera nafe boti la ku Mbenji." Achimwene anga anapita ku chilumba chimenecho ali msinkhu wanga, ndipo sanabwererenso m'kalasi. Ine madzi akuya ndinkawaopa, koma sindinauzepo munthu.

Mpanda wa bango subisa mawu. M'mawa mwake Che Binali anandiitana.

"Iwe Limbani, tabwera ndi buku lakolo. Chikukuvuta n'chiyani?"

"Mawu ataliatali, agogo. Ndikangowaona, mutu umaima."

"Tandionetsa limodzi."

Ndinaloza liwu lakuti unbreakable. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako ananyamula kampango wathunthu n'kumuyandikiza pakamwa panga.

"Meza."

"Sindingathe, agogo."

"Nanga liwuli ukufuna kulimeza lonse bwanji? Nsomba ili ndi mutu, thupi ndi mchira. Mawu a azunguwa n'chimodzimodzi."

Ndi nsonga ya mpeni analemba liwulo pa mchenga wonyowa, n'kulidula pawiri ngati akutumbula. "Mutu uwu, un, ntchito yake ndi kukana. Mchira uwu, able, umati zitheka. Chatsala pakati n'chiyani?"

Panatsala break. Liwu limenelo ndinkalidziwa kuyambira sitandade 4.

"Kusweka," ndinayankha. "Ndiye kuti... chosatheka kusweka?"

"Basi. Analemba choncho pa bokosi la matambula ena kuhotela. Ndinaswa awiri."

Sindinaseke nawo. Ndinangoima, maso ali pa mchenga. Liwu limene ndinkaliona ngati chimwala linali litagawika patatu pamapazi panga, ndipo m'kati mwake munali kaliwu kanga komwe. Aphunzitsi anali atatiuzapo za prefix ndi suffix, koma ine ndinkaganiza kuti amenewonso ndi mawu ena oloweza. Sindinkadziwa kuti liwu munthu angalidule ndi mpeni.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadutsa kwawo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Ndinkawanyamulira nsomba kupita pa mgolo, iwo akundigawira mitu ndi michira imene anaisonkhanitsa m'khitchini. Batala wa unsalted, wopanda mchere. Nkhuku ya boneless, imene ataitsegula anapezadi kuti mafupa mulibe. Reheat, tenthetsanso. Ndikaphonya ankagogoda thabwa ndi chigwiriro cha mpeni mpaka ndidzikonze ndekha. M'kalasi manja anga ankanunkha utsi ndipo anzanga ankanditcha kampango, koma m'njira ndinkadula mawu onse amene ndakumana nawo, a pa zikwangwani za malo ogona alendo, a pa matumba a feteleza.

"Mumuchedwetsa kusukulu mwanayu ndi Chizungu chanu cha m'zitini," ankatero Abiti, akupemerera moto.

"Cha m'zitini ndiye chosawola," ankayankha Che Binali, n'kuvindikira mbale ya buluu.

Mayeso atayandikira, Abiti anadwala mwadzidzidzi, ndipo sanagone nthawi, anamwalira. Anawaika tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wawo. Mgolo unazizira. Amayi anandiletsa: "Usapiteko ndi mabuku ako. Munthu ali pa chisoni." Ndinayesa kuwerenga ndekha, koma popanda kugogoda kwa mpeni uja mawu anayamba kulimbanso. Tsidya lina la bwalo bambo ankamata boti ndi phula, ndipo fungo la phulalo linkandikumbutsa za Mbenji.

Patapita masiku ochepa, m'mawa wina ndinamva mpeni pa thabwa.

"Limbani. Mayeso aja awaimitsa?"

"Ayi, agogo."

"Nanga ukudikira chiyani?"

Amayi anasuzumira pa mpanda. "Che Binali, bwenzi mutapumulako kaye."

"Mayi, nsomba zafika kale. Ndizitani?"

Ndinawapeza atachepa nkhope, kofia itapendekeka. Moto anasonkha okha, ndipo unkangofuka osayaka bwino. Ndinagwada n'kuupemerera, kenako ndinalemba pa mchenga liwu limene linandikanika sabata yonse: carelessness.

"Ameneyu ndi wa michira iwiri," anatero. "Usaope. Yambira kumapeto."

Akulankhula choncho, manja awo ankagwira ntchito okha. Anasankha kampango wamkulu, anadula mutu, anauika m'mbale ya buluu, anavindikira.

"Uwu ndi wa..."

Mawu anathera pomwepo. Dzanja linatsala pa chivindikiro. Ndinkamva mafunde, belu la kabaza kumsewu, nkhuni zikuthetheka mu mgolo, ndipo sindinadziwe koyang'ana. Ndinaganiza kuti tsopano alowa m'nyumba, atseka chitseko, ndipo zathera pano. Sindikanawaimba mlandu.

Anapuma mpweya wautali. Anathokoza Mulungu motsitsa kuti, "Alhamdulillah," ngati akuyankha munthu amene ine sindinkamuona. Kenako anakankhira mbaleyo kwa ine.

"Ukapatse amayi ako akuphikire. Mutu wa kampango umathandiza pa mayeso."

Analoza pa mchenga ndi mpeni.

"Tinali pa mchira wachiwiri."

Ndaonapo amuna akutulutsa boti pakati pa mwera, mafunde akuposa mutu wa munthu. Koma mphamvu ngati imene ndinaiona m'mawa umenewo sindinaionenso. Ndinadula ness, ndinadula less, panatsala care, ndipo iwo anagwedeza mutu n'kutenga nsomba ina.

Sitinaphonye tsiku mpaka mayeso, ndipo m'mawa uliwonse mbale ya buluu inkadutsa pa mpanda kupita kwathu. Zotsatira zitatuluka, dzina langa linali pa osankhidwa kupita ku sekondale. Boti la ku Mbenji linanyamuka popanda ine. Nditakawauza, Che Binali anangoti, "Ndamva. Tanyamula beseni ilo."

Anamwalira ine ndili ku koleji. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Tadala, mkazi wanga, amene tinamuika chaka chatha. Za matenda ake sindilemba pano. Anandisiyira mwana mmodzi, Chisomo, amene wangophunzira kumene kuwerenga.

M'mawa ndikamakonza tiyi, dzanja langa limatsitsabe makapu awiri aakulu, yanga ndi ija yamaluwa ya Tadala. Ndimazindikira nditathira kale. Ndimaima pamenepo, dzanja lili pa ketulo, ndipo nthawi zina ndimaima nthawi yaitali. Dzulo Chisomo anandikoka malaya, atanyamula paketi ya mkaka.

"Adadi, apa alemba chiyani? Ndi lalitali."

Linali unsweetened. Ndinathira madzi ozizira pang'ono mu tiyi wa m'kapu yamaluwa ija n'kumukankhira.

"Imwa. Kenako ubise zilembo ziwiri zoyambazo ndi chala. Umenewo ndi mutu."