Ahedi Amene Anakweza Magetsi

Ngakhale anapuma uphunzitsi kalekale, anthu a mumsewu wawo ankawatchulabe kuti Ahedi. Anali mayi wamfupi, woyenda mosathamanga, wosabereka koma wolera. Makolo atamwalira, ndi iwo anatsala ndi mlongo wawo wamng'ono asanadziwe n'komwe kumanga lamba, namulera mpaka kumugulira makina owotcherera zitsulo. Mlongoyo atakwatira, Ahedi anayambiranso ndi ana ake. Loweruka lililonse dengu la zovala zawo linkafika pakhomo, Lamlungu n'kubwerera zitachapidwa, zitasitidwa, mabatani atasokereredwa. Tsikulo Ahedi ankadya kwa mlongo wawoyo, pampando wa pafupi ndi zenera. Mpandowo ndiwo unali malipiro awo, ndipo sankafuna ena.

Kenako boma linawasankha kulowa m'bodi ya bungwe loyang'anira za mphamvu, lija loika mitengo ya magetsi, mafuta a galimoto ndi gasi. Lamulo linkafuna kuti pabodipo pakhale woimira anthu wamba, ndiponso pakhale mayi. Ahedi anatseka mabowo onse awiri ndi mpando umodzi. Mlongo wawo anauza aliyense wobwera kudzawotcheretsa geti kuti tsopano magetsi ali m'banja, akazima azingobwera kudzadandaula kwa iye.

Chipinda cha bodi chinali pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, chozizira mwakuti Ahedi ankanyamula juzi kunja kukuwotcha. Munali atcheya, loya, injiniya ndi abambo ena amimba zawo, ndipo onse ankawatchula kuti mayi athu. Tsiku loyamba wogawa tiyi anachedwa, Ahedi anadzuka n'kuthira. Kuyambira pamenepo tiyi anakhala wawo. Ankadziwa amene samwa shuga. Ankakumbutsa atcheya mapiritsi awo. Mkazi wa injiniya atagonekedwa m'chipatala, ndi iwo anakwera basi kukamuona m'dzina la bodi, n'kukamusambitsanso atapeza kuti alibe womudikirira. Zimenezi sizinkalembedwa m'maminitsi.

Itafika nkhani yokweza mtengo wa magetsi, Ahedi analankhula za ometa, za amayi ogulitsa madzi ozizira, za owotcherera zitsulo. Atcheya anamvetsera atatsinzina, nathokoza kuti mayi athu atikumbutsa umunthu. Pokweza manja okana, dzanja linali limodzi, la Ahedi.

Pamenepo loya anafotokoza mwambo wa pabodipo: amene wakana chigamulo ndi amene amakachilengeza, kuti dziko lione kuti bodi ili ndi pakamwa pamodzi. Anawakumbutsanso lumbiro lawo, loti zokambidwa m'chipindamo, ngakhale za amene anakweza dzanja, sizituluka pakhomo.

"Komanso nkhani yowawa imakoma pakamwa pa mayi," anatero atcheya. "Ine ndikaonekera ndi nkhope yangayi, anthu aphwanya ma TV awo."

Onse anaseka. Mtsikana wina anawapaka Ahedi paudala kumaso, anawakhazika kutsogolo kwa makamera, abambo aja anaima kuseri. Ahedi anawerenga monga ankawerengera zolengeza pamzere wa m'mawa kusukulu, momveka, osadumpha liwu. Sankadziwa kawerengedwe kena.

Mumsewu dzina linasintha, anakhala Mayi Akweza. Wometa ankatembenuza mpando akamadutsa. Wogulitsa tomato ankawatchulira mtengo wowirikiza, n'kunena kuti nayenso bodi yake yakumana. Izi Ahedi anazipirira. Munthu amene waphunzitsa zaka zonsezo wamva kale mayina ake onse. Chimene ankaopa ndi Lamlungu.

Lamlungulo anapeza makina owotcherera atafunditsidwa saka, wantchito wa mlongo wawo atachotsedwa. Pampando wa pazenera panali chitini cha mabawuti.

"Munawerenga bwino, achemwali," anatero mlongoyo osadzuka. "Mpaka mutu kumagwedeza."

"Ndi ntchito ya bodi, achimwene."

"Bodi ndi anthu. Inuyo m'chipindamo munati chiyani?"

Ahedi anayang'ana chitini chija. Anali ataphunzitsa ana, kuphatikizapo yemweyu, kuti munthu akalumbira walumbira.

"Sindiloledwa kunena."

"Basi, mwanena."

Mlongoyo anawauza mosakweza mawu kuti ayambe apuma zobwera Lamlungu, poti makasitomala akawaona pakhomo amabwerera pageti. Mlamu wawo anawaperekeza mpaka pamsewu, akudandaula za kutentha.

Loweruka dengu linafika ngati kale, koma litatupa. Pamwamba pa mayunifolomu panali nsalu za pabedi, makatani ndi maovololo amafuta. Mlamu analitula pakhonde n'kunena kuti kwawo simbi asiya kuyatsa, imadya magetsi, pamene kuno ndi aulere. Sanali aulere. Ahedi ankagula mayunitsi pawindo lomwelo ndi aliyense, ataima pamzere womwe ukuwanena. Koma anachapa. Mafuta a maovololo anawatupitsa zala, makatani anawathyola msana, iwo n'kumadziuza kuti dengu likamabwera ndiye kuti njira sinatsekeke. Chibale ndi fupa, sichiwola. Sanaganizeko kuti fupa lomwelo ndi limene limaima pakhosi.

Patapita nthawi mvula inagwa bwino, madamu anadzaza, bodi inagwirizana zotsitsako mtengo pang'ono. Kwa nthawi yoyamba Ahedi anapempha kanthu m'chipindamo. Anati popeza uthenga woipa uja anawerenga ndi iwo, awalole awerengenso uwu. Loya anamwetulira n'kufotokoza kuti mwambo ndi wa munthu wokana. Lero palibe wakana, ndiye olengeza ndi atcheya. Asanalowe kumakamera, atcheya anaima patsogolo pa Ahedi atakweza chibwano kuti awawongolere tayi. Anawawongolera.

Nthawi yawo pabodi inatha mwezi womwewo. Anawapatsa wotchi ya pakhoma, nawauza kuti tiyi wawo adzamusowa.

Lamlungu lotsatira Ahedi sanadikire mlamu kuti adzatenge dengu, analisenza okha. Ali chapatali anamva makina akulira. Mlongo wawo anali atawerama pa chitseko chachitsulo, moto ukuthetheka. Atawaona anakweza chigoba cha kumaso n'kuwafunsa ngati anawaona atcheya pa TV. Anati uja ndiye munthu, ndipo zikumveka kuti tsiku lokweza lija ndi iye yekha amene anakana.

Ahedi anatula dengu. Lumbiro limene linawadyera mpando wa pazenera analithyola ndi mawu atatu.

"Anakana uja ndine."

Mlongo wawo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naseka pang'ono.

"Lero poti zatsika, aliyense anakana. Mawa timva kuti ndi wothira tiyi yemwe anakana."

Anatsitsa chigoba, makina analiranso. Mlamu anatuluka, anagwada padengu n'kuyamba kutembenuza zovala chimodzichimodzi. Anapeza shati ya mwana wamkulu kolala isanagone bwino, naiika pambali kuti ibwerere. Ahedi atasuzumira pazenera sanauone mpando wawo. Anadzauona potembenuka: unali panja pomwepo, miyendo itadulidwa kuti ufupike, makina owotcherera atakhala pamwamba pake.

"Dengu mulisiye, alamu," anatero mlamuyo. "Loweruka kuli mabulangete."

Ahedi anatola shati ija, anaipinda bwinobwino n'kuipanira m'khwapa. Pobwerera anapatukira pawindo la mayunitsi, poti mabulangete sasitidwa koma kolala imafuna simbi yotentha.