Achemwali, ndayambanso kulemba

Achemwali anga Asiyatu, lero ndili ndi nkhani yoti mukanavina nayo! Ndatsegulanso bulogu yanga ija yolembapo nkhani pa intaneti, yomwe ndinaisiya chimwalirireni inu. Si zokhazo, anzanga kuno ku koleji andilowetsa m'gulu lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti, ndipo tchuthi chikubwerachi tikayambira kwathu ku Ulongwe. Chimwemwe chake, ndinangopezeka ndikusaka nambala yanu mufoni.

Mukukumbuka tsiku lija munthu wina anakujambulani mukusinza pa benchi lanu la tomato, muli oyembekezera, n'kumwaza chithunzicho m'magulu a pafoni kuti anthu aziseka? Ine ndinafika ndikulira ndi mkwiyo, ndikukuuzani kuti musiye kugulitsa pamsewupo. Inu munangokonza mpango wanu n'kunena kuti, "Iyayi, ndithawe ndaba chiyani? Iwe suja umalemba za mpira pafoni yakoyo? Lemba kuti nkhope yangayi ili ndi mwini wake." Ndinalemba pomwepo nditakhalira ndowa, inu mukundiuza mawu kwinaku mukuitanira makasitomala. Nditakuwerengerani munawomba m'manja mpaka kondakitala wa minibasi anacheuka. "Eya, amve tsopano!" munatero. Nkhani yanga yatsopano yatuluka m'mawa uno, ndipo amayi omwe munkagulitsa nawo aja anditumizira kale uthenga kuti ndikawaphunzitse chochita wina akawajambula osapempha. Ndawauza kuti ndikubwera. Allah akukhululukireni, akupatseni malo abwino, achemwali anga.